Loweruka: si nyundo, ndi mazira a chule

Malaiti anabwera cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Ndinadziwira pampu ya m'thanki yagalasi ya madzi amchere imene ndimasungiramo makorali, itayamba kung'ung'udza pabalaza. Ndinadzuka ndi tochi kukaona kutentha kwa madzi: madigiri 28. Okutobala wa Lusaka sasekerera munthu. Korali, chamoyo cha m'nyanja yamchere chooneka ngati duwa lomera pamwala, amasangalala pa 25 kapena 26. Madzi akafika 30 n'kukhalitsa pamenepo, amalavula tindere timene timakhala m'mnofu mwake, totchedwa zooxanthellae, n'kuyera mbee. Tindere timeneti ndi timene timam'pangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, choncho akayera, njala yayamba. Ndinafukula mabotolo awiri a madzi oundana pansi pa nkhuku za amake mwana mufiriji, n'kuwayandamitsa m'thanki, fani n'kuilozetsa pamwamba pa madzi.

Nkhani yeniyeni yalero ndi ya korali uja ndinapatsidwa masabata atatu apitawa ndi mnzanga amene akusamukira ku Ndola. Iye anati ndi hammer. Masiku onsewa anali atakhwinyata ngati nkhonya, ndiye ndinalibe chotsutsira. Lero nyale itayaka, wafufuma kwa nthawi yoyamba, mitu yake yonse itatu, ndipo ndinakhala pampando mphuno itagunda galasi.

Makorali atatu apachibale, hammer, torch ndi frogspawn, amasokoneza, koma chinsinsi chili kunsonga kwa timanja tawo. Hammer nsonga yake imapingasa ngati mutu wa nyundo kapena nangula. Torch timanja take n'tatitali, kalikonse kali ndi kampira kamodzi kunsonga. Wangayu kadzanja kalikonse kamagawikagawika, ndipo kanthambi kalikonse kali ndi kampira kake kobiriwira, mulu wonsewo n'kumaoneka ngati mazira a chule padambo. Ndi frogspawn basi, dzina la Chingerezi la mazira a chule. Ndinasuzumiranso pansi pake. Chigoba si khoma limodzi lokhotakhota, chili ndi nthambi ngati phata la chinangwa, mutu uliwonse panthambi yake. Wotereyu mabuku akale amam'tcha Euphyllia paradivisa, koma atsopano anam'samutsira ku Fimbriaphyllia. Ndinam'tumizira chithunzi mnzanga uja pa WhatsApp. Yankho lake: "Bola ali moyo." Zoonadi, kasamalidwe kawo n'kofanana, koma munthu sungasunge mlendo m'nyumba osadziwa dzina lake.

Amayi, amene abwera kuchokera ku Chipata kudzaona adzukulu, anandipeza ndikadali pomwepo.

"Mwanawe, tulo osagona chifukwa cha mwala?"

"Si mwala Amayi, ndi nyama."

"Nyama yosayenda? Ili ndi pakamwa?"

Ndinasungunula tinkhanu ta mysis pang'ono, ndinazimitsa pampu, n'kudonthezera pamutu umodzi. Timanja tinapindikira mkati pang'onopang'ono, kakamwa kapakati kanatseguka, chakudya n'kulowa. Amayi anangoti "Ha!" n'kukoka mpando wawo.

Mwina sanalakwitse kwenikweni. Theka lake ndi mwaladi. Nyamayi imadzimangira chigoba cha laimu kuchokera m'madzi, ndipo pamwamba pa chigobacho pali timipeni topyapyala toimirira mozungulira. Ndinawaonetsa mutu wakufa umene uli m'mbali, woyera, wakuthwa ngati lezala. N'chifukwa chake sindimulozetsa pampu. Madzi akamawomba mwamphamvu, mnofu umakhuzika pa timipeni take tomwe n'kung'ambika, ndipo pabalapo m'pamene pamayambira matenda aja a utoto wa khofi, onanda, amene amatha kudya mutu wonse tsiku limodzi. Timanja tizingovina ngati udzu kamphepo kayaziyazi.

Masana ndinayeza madzi. Calcium, yemwe korali amamangira chigoba, ali pa 410, ali bwino. Alkalinity, mphamvu ya madzi yoletsa asidi, yatsika kufika 7 pamuyezo wake wa dKH, pomwe ndimafuna 8 kapena 9, ndiye ndathira mankhwala ake pang'ono, ena mawa. Kukweza kamodzin'kamodzi kumam'pweteka kuposa kutsikako. Mchere wakwera kufika 1.027 m'malo mwa 1.025. Wolakwa ndi fani ija: madzi amauluka, mchere umatsala. Apa sumathira madzi amchere, umathira opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO.

Chondiseketsa n'chakuti Lusaka yakhala pamwala wa laimu. Ketulo yathu mkati mwake muli mbuu ndi madzi a pachitsime. Laimu yemwe korali akufunayo tili naye wotaya, koma madziwo amabwera ndi zina zimene zingadzaze thanki ndi ndere, ndiye ndimasenzabe zigubu za malita 20 za madzi osefedwa. Mchere nawonso ndi wa m'sitolo. Nyanja yamchere yapafupi ili ku Mozambique, ndipo kwawo kwa frogspawn n'kutali kuposa apo, cha ku Indonesia ndi Philippines. Makorali onse a chigoba ali pamndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zam'chilengedwe, sawoloka malire opanda mapepala. N'chifukwa chake kanthambi kochokera m'thanki ya mnzako kuno ndi chuma.

Usiku nyale itazima ndinaunikanso ndi tochi, ndipo ndinam'gwira. Watulutsa timanja tina tatitali, toonekera mkati, tikufufuza uku ndi uku. Timeneti ndi toluma anzake. Kamodzi kanali katatsala pang'ono kukhudza tizoa tanga tofiira, tinyama tofewa tooneka ngati timaluwa. Ndinapinda malaya n'kutisunthira kutali, masentimita 15.

Cha m'ma 9 malaiti anapitanso. Ndikulumikiza kapampu ka mpweya ka mabatire, ndinamva Amayi ali kuchipinda: "Mwala uja wadya madzulo ano?"