Manambala a pa tayala ndi misewu ya ku Kasungu

Kumapeto kwa Okutobala ntchito ya matayala imachuluka muno mu Kasungu. Phula la mu M1 limatentha moti masana sungapondepo wopanda nsapato, alimi ayamba kututa feteleza kupita naye kumidzi, ndipo galimoto zambiri zikusenza kuposa msinkhu wake. Zomwe zinafika pa shopu pathu sabata yatha zinali zosiyanasiyana, koma zambiri gwero lake linali limodzi: munthu wagula tayala atayang'ana nambala imodzi, n'kusiya ina yomwe inali yofunika koposa.

Lolemba m'mawa kunabwera minibasi ya Hiace yoyenda pakati pa Kasungu ndi Jenda, tayala lakumbuyo kumanzere litang'ambika lonse. Linaphulikira cha ku Chatoloma. Adalaivala ankati anawagulitsa tayala lachinyengo, popeza linali lisanathe miyezi iwiri ndipo mano ake anali akadali aatali. Titalichotsa pa limu tinapeza fumbi lakuda la labala m'kati, ndiponso mzere wopsa wozungulira khoma la m'mbali. Msomali suchita zotere. Izi zimaoneka pa tayala lomwe lakhala likupindika pansi pa katundu wolipitirira mphamvu, mpaka kutentha kulekanitsa labala ndi nsalu za m'kati.

Pambali pake panalembedwa 195/80 R15 96S. Kukula kwake n'chimodzimodzi ndi 195R15C lomwe limayenera pa minibasi, n'chifukwa chake linalowa pa limu popanda vuto ndipo palibe anakayika. Nkhani ili pa manambala akumapetowo. 96 akutanthauza kuti tayala limodzi lisasenze kupitirira makilogalamu 710. La minibasi lenileni limalembedwa 106/104: 106 ndi makilogalamu 950, pomwe 104 ndi 900, ya pamene matayala amangidwa awiriawiri mbali imodzi ngati kumbuyo kwa lole. Ndiye kuti tayala lililonse linkaperewera makilogalamu 240, pafupifupi matumba asanu a feteleza, ndipo kumbuyo konse, komwe kumakhala anthu ambiri ndi katundu wawo, kunkaperewera 480. Chilembo C chija chimasonyeza tayala la galimoto zonyamula, lokhala ndi khoma lolimba, ndipo ambiri amalembanso 8PR, chizindikiro cha kulimba kwa nsalu za m'kati.

Nambala ya katunduyi ndi yoti muikhulupirire, chifukwa makampani onse amatsata muyeso umodzi. 82 ndi makilogalamu 475, 88 ndi 560, 91 ndi 615, kaya tayalalo lapangidwa ku Japan, ku China kapena ku South Africa. Koma imagwira ntchito ngati mpweya uli wokwanira. Makilogalamu 950 aja amasenzeka pa mpweya womwe walembedwa pambali pa tayala lomwelo, womwe pa ambiri a 8PR umakhala cha m'ma 450 kPa. Mukalipopa ngati la Vitz, lasanduka lofooka ngakhale mwalipira mtengo wa lolimba. Mpweya woyendera tsiku ndi tsiku umalembedwa pa kapepala ka pafelemu ya chitseko cha dalaivala, wakutsogolo pawokha ndi wakumbuyo pawokha. Galimoto zochokera ku Japan zimalemba mu kPa, ndipo 230 kPa ndi 2.3 bar kapena 33 psi pa geji.

Adalaivalawo anavomeranso kuti dzuwa likaswa amaphwetsako mpweya pang'ono kuopa kuti tayala lingaphulike. Chizolowezi chimenechi chapha matayala ambiri. Tayala likayenda, mpweya umakwera ndi 0.2 kapena 0.3 bar, ndipo analipanga kuti lizitero. Mukauchotsa likadali lotentha, likazizira limakhala loperewera, khoma limapindika kwambiri, kutentha n'kuwonjezeka. Geji iikidwe m'mawa galimoto isananyamuke.

Lachiwiri kunafika Sienta yomwe yangolowa kumene kudzera ku Songwe, mwiniwake akufuna kuiyambitsa takisi ya ku Mtunthama. Anangobwera kudzapopetsa, akuyamikira kuti matayala ake ndi atsopano. Mano analidi aatali, koma pambali panali mawu akuti STUDLESS, ndipo pamwamba panali timizere tambirimbiri tokhotakhota. Ukadina ndi chala, labala wake amalowa. Amenewa ndi matayala a nyengo ya chipale ku Japan. Pa phula lotentha amadyeka msanga, pokhota galimoto imakhala ngati ikuyandama, ndipo mukaponda buleki imaima patali, makamaka msewu ukanyowa. Pa matayala a kaunjika amenewa ndi omwe amaoneka okongola kuposa onse, chifukwa eni ake amawayendera miyezi yochepa pachaka kenako n'kuwasunga.

Kusungidwako n'komwe kumabisa ukalamba. Tsiku lopangira tayala limadindidwa pambali, manambala anayi m'kabwalo kowulungika, nthawi zambiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Pa Sienta ija awiri akutsogolo anali 3814, kutanthauza sabata ya 38 ya 2014. Opanga matayala akuluakulu amalangiza kuti likadutsa zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano alipo. Nambalayi amaidinda mbali imodzi yokha, ndiye ikasowa kunja gwadani muone m'kati. Mukapeza malo ake atapalidwa, tayalalo lisiyeni. Onaninso pansi pa ngalande za mano: pakakhala timing'alu ngati chidendene chong'aluka, labala wauma. Ngalande zikakhala zokhota mosalongosoka, m'mphepete mwake muli mwakuthwa ngati modula ndi mpeni, ndiye kuti wina anazisema pa tayala lotha. Zosemazo zimaloledwa pa matayala a malole olembedwa REGROOVABLE basi.

Lachitatu bambo wina wa Corolla anaima nthawi yaitali pakati pa matayala awiri a 195/65 R15 91H a makampani osiyana. Lina linalembedwa TREADWEAR 420, lina 300, ndipo la 420 ndi lomwe linali lotchipa. "Achimwene, apa palinso choganiza? La nambala yaikululi silikhalitsa?" Funso limeneli limabwera pafupifupi sabata iliyonse, ndipo yankho lake si lalifupi.

Mawu atatu olembedwa pambali pa tayala, TREADWEAR (kukhalitsa kwa mano), TRACTION (kugwira msewu) ndi TEMPERATURE (kupirira kutentha), ndi a lamulo la ku America lotchedwa UTQG. Pofuna kupeza TREADWEAR, tayala amaliyendetsa pa misewu ya phula ya pafupi ndi San Angelo ku Texas mtunda wa mamailosi 7,200, omwe ndi makilomita pafupifupi 11,500, limodzi ndi tayala lina loyerekezera. Akayeza mmene ladyekera pa mtunda umenewo, amawerengetsa kuti lingathe liti. Saliyendetsa mpaka kutha. Ndipo amene amalemba nambalayo ndi kampani yopanga tayalalo, osati boma. Lamulo limailetsa kulemba nambala yoposa zomwe mayeso aonetsa, koma ili ndi ufulu wolemba yocheperapo. Kampani ina imalemba mosamala, ina imakankhira pamapeto penipeni. Chotero 420 wa kampani iyi ndi 300 wa kampani iyo simungawaike pa sikelo imodzi. Nambalayi imathandiza mukamafananitsa matayala awiri a kampani imodzi, pamenepo la 400 lingakhalitsedi kuposa la 300.

Chachikulu kwa ife kuno n'chakuti mayesowo alibe miyala, alibe maenje, alibe tizitunda ta msewu wafumbi. Matayala ambiri omwe timataya pa shopu pano mano ake amakhala asanathe. Amakhala otupa pambali chifukwa chomenya dzenje, odulidwa ndi mwala, kapena odyeka mbali imodzi. Palibe nambala pa tayala yomwe imanena kulimba kwa khoma likamenya m'mphepete mwa phula lodyeka.

TRACTION imayambira AA, kenako A, B ndi C. Amayeza pokoka kangolo pa msewu wonyowa pa liwiro la makilomita 64 pa ola, n'kumanga buleki mpaka tayala kuleka kuzungulira, molunjika. Sanena za pokhota, sanena za pamsewu wouma, ndipo galimoto ya ABS, ya mabuleki osalola tayala kuleka kuzungulira, simanga tayala motero. Mwa atatuwa, amene ndimawerengera kwambiri ndi TEMPERATURE, chifukwa kutentha ndi mdani wathu weniweni. A ndi wopirira kwambiri, C ndi wotsikitsitsa wololedwa. Galimoto yoyenda ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu masana itadzaza, C ayi. Dziwaninso kuti matayala a maminibasi monga 195R15C ndi a STUDLESS nthawi zambiri sakhala ndi mawu atatuwa, popeza lamulolo siliwakhudza, ndiye kusowa kwake si umboni wa chinyengo.

Bambo a Corolla aja anatenga la 300 titawaonetsa kuti linali la chaka chino, TEMPERATURE yake A, ndipo ena omwe anagula mtundu womwewo tawaona akubwera kudzapopetsa mpaka mano kutha popanda chotupa. Kaundula wotere wa pa shopu, wa zomwe taona pa misewu yathu, ndimamudalira kuposa nambala ya ku Texas.

Lachinayi linali la zomata. Bowo la msomali likakhala pakati, pamene tayala limaponda pansi, ndipo silikupitirira mamilimita 6, limamatika bwino: kuchotsa tayala pa limu, kuyang'ana m'kati, kupala, guluu, chigamba chokhala ndi kamchira kotseka bowolo. Kachingwe kolowetsa panja kaja n'kongokufikitsani kumene mukupita. Atatu tinawabweza, awiri obowoka pakhoma ndi mmodzi wa chotupa. Chotupa ndiye kuti nsalu za m'kati zaduka, ndipo chigamba kapena chubu sizilumikiza nsalu.

Lachisanu masana kunagwa chizimalupsa, ndipo chakumadzulo kunabwera mayi wa Passo yemwe galimoto inamuterereka kumbuyo pokhota. Mvula yoyamba ndi yoterera kuposa ya mu Januwale, chifukwa fumbi ndi mafuta a miyezi yonse ya chilimwe zimasanduka phala pamwamba pa phula. Iwo ankadabwa poti pogula matayala akumbuyowo panali pepala lomatidwa losonyeza B pa chithunzi cha mtambo wa mvula. Pepala limenelo ndi la mayiko a European Union, linayamba mu Novembala 2012 ndipo linasinthidwa mu Meyi 2021 kuti zilembo zikhale A mpaka E. Limanena zinthu zitatu: kamwedwe ka mafuta, kugwira buleki pa msewu wonyowa, ndi phokoso. Chilembo cha mvulacho chili ndi phindu, D ndi E si ogula dzinja likuyandikira. Koma nachonso amalemba ndi opanga okha, ndipo mayeso ake ndi a tayala latsopano, la mano a mamilimita 7 kapena 8. Matayala a mayiwa anali atatsala ndi 2. Ngalande zosaya chotero sizitha kutulutsa madzi, tayala limakwera pamwamba pa madziwo.

M'ngalande muli timilatho ta labala totalika mamilimita 1.6, ndipo pambali pamakhala kachizindikiro kosongoka kapena zilembo TWI kosonyeza pamene tili. Mano akafanana nato, tayala latha. Polowa dzinja ndi bwino kusintha akafika pa 3. Mayi a Passo aja anali ndi ndalama za matayala awiri okha, ndipo tinawauza kuti, "Mayi, atsopanowa apite kumbuyo." Ambiri amakana poti injini ndi chiwongolero zili kutsogolo. Koma kutsogolo kukaterereka mumamva m'manja n'kuchepetsa liwiro, pomwe kumbuyo kukataya galimoto imazungulira musanachite kanthu. Tinaika mavavu atsopano, tinachita balancing, manati tinamanga modumphadumpha osati motsatana, pa 103 Nm (muyeso wa kulimba kwa kumanga manati) monga mmene galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota zimafunira. Kukwera pa sipanala ndi phazi kumatalikitsa mabawuti mpaka tsiku lina amaduka.

Loweruka kunabwera Hilux yakale ya mlimi wa fodya wa ku Chamama, yoyendera 205R16C 110/108. Ankafuna a A/T poti anamva kuti ndiwo a msewu wafumbi. Zilembo A/T (a misewu yonse), H/T (a phula) ndi M/T (a matope) ndi mayina omwe kampani imapatsa kalembedwe ka mano, palibe muyeso umodzi womwe onse amatsata. Alipo a A/T a khoma lofewa opangidwira galimoto za m'tauni. Choyamba kuona ndi nambala ya katundu ija, isatsike pansi pa 110, omwe ndi makilogalamu 1,060, kenako kugwira khoma ndi manja tayala lisanamangidwe.

Akutsogolo omwe amafuna kuchotsawo anali atadyeka m'mphepete mwa m'kati mpaka mawaya kuonekera, kunja mano akadalipo theka. Kadyekedwe kamauza vuto: m'mphepete monse muwiri ndi mpweya wochepa, pakati pokha ndi mpweya wambiri, mabalamabala ndi ma shock otha, mbali imodzi ndi alignment, kutanthauza kulunjika kwa matayala. Titakweza pa jeke n'kugwedeza tayala lakumanja uku ndi uku, linkasewera, tie rod end, chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala, inali itatha. Alignment singakhazikike pa chitsulo chosewera, ndipo matayala atsopano akanayamba kudyeka m'mphepete momwemo pa ulendo woyamba wa feteleza. Tinawatumiza kaye kwa makaniko. Matayala awo awiri tawasungira pambali, adzamangidwa Lolemba chitsulocho chikasinthidwa, kenako alignment galimoto ili yopanda katundu.