Zimene ndinaphunzira pa nambala ya 720,720

Pamene ndinkakonzekera mayeso a masamu kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndinakumana ndi funso lofuna nambala yaing'ono kwambiri imene ingagawidwe ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16 popanda chotsala. M'kalasi timaitchula m'Chipwitikizi kuti mínimo múltiplo comum. Poyamba ndinangochulukitsa nambala zonsezo motsatizana, ndipo ndinapeza chinambala choposa matiriliyoni 20, chimene chinagawikadi ndi zonse koma sichinali chaching'ono m'pang'ono pomwe.

Kulakwa kwanga kunali kubwereza zimene zinalimo kale. Nambala ya 16 yanyamula kale 2, 4 ndi 8, ndipo 9 yanyamula 3, pamene 6, 10, 12, 14 ndi 15 zimangopangidwa kuchokera ku zinzake. Zofunika ndi 16, 9, 5, 7, 11 ndi 13 basi, ndipo zikachulukitsidwa zimapereka 720,720.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi maonekedwe ake, chifukwa 720 yalembedwa kawiri. Izi sizinachitike mwangozi: kuchulukitsa 16, 9 ndi 5 kumapereka 720, kuchulukitsa 7, 11 ndi 13 kumapereka 1,001, ndipo nambala iliyonse ya madijiti atatu ikachulukitsidwa ndi 1,001 imangodzibwereza. Ndinayesa 365,365 ndi 248,248 pa kalikuleta ya pafoni, ndipo zonse zinagawika ndi 7, ndi 11, ndi 13 popanda chotsala.

Nditaiphwanya mpaka kufika pa números primos, nambala zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha, ndinatha kuwerenga nambala zonse zoigawa popanda kuzilemba imodziimodzi. Pomanga nambala yoigawa, 2 ukhoza kumusiya kapena kumutenga kamodzi mpaka kanayi, popeza 16 ndi 2 × 2 × 2 × 2, zimene ndi njira 5. 3 ali ndi njira 3, popeza 9 ndi 3 × 3: kumusiya, kumutenga kamodzi kapena kawiri. Ndipo 5, 7, 11 ndi 13 aliyense ali ndi njira 2, kumutenga kapena kumusiya. Njira zonsezi zikachulukitsidwa zimakwana 240, ndipo palibe nambala yocheperapo imene ili ndi zoigawa zambiri chotere. Nambala za mtundu umenewu anazifufuza mozama Srinivasa Ramanujan, katswiri wa masamu wa ku India, m'zimene anasindikiza mu 1915.

Nambala ya 720,720 ilinso m'gulu la números abundantes, nambala zimene zoigawa zake zikaphatikizidwa zimaposa mwini wake, chifukwa zoigawa zake, kupatula iyo yokha, zikaphatikizidwa zimakwana 2,529,072, kuposa mwini wake katatu ndi theka. Gulu lina ndi la Harshad, dzina limene anapereka D. R. Kaprekar, katswiri wina wa masamu wa ku India, kwa nambala zimene zimagawika ndi chiphatikizo cha madijiti ake: madijiti ake akaphatikizidwa amakwana 18, ndipo 18 amaigawa n'kupereka 40,040. Kunena zoona, gulu limeneli silinandigwire mtima, chifukwa limadalira kalembedwe kathu kowerenga m'makumi, osati mmene nambalayo inapangidwira.

Kuti ndisaiwale, ndinaganizira alimi a mbatatesi amene agulitsa zokolola zawo pamodzi n'kupeza mameticais 720,720. Kaya ali 7, kaya 13, kaya 16, aliyense alandira zofanana ndipo sipatsala kanthu. Koma akakhala 17, aliyense alandira 42,395 ndipo patsala mameticais 5, chifukwa 17 sali m'gulu la zimene zinamanga nambalayi. Kuti nayenso alowemo, pafunika kuichulukitsa ndi 17 yemweyo, n'kufika pa 12,252,240.