Sabata ya mizinga yokwera lole

Lolemba akonzi athu anandiuza kuti ndikonze pulogalamu ya mphindi 10 yofotokoza za Iskander, mzinga wa Russia womwe sukusowa m'nkhani za ku Ukraine. Omvera athu ndi Amalawi a kuno ku Joni, ambiri amatchera khutu pa foni akupita kuntchito. Ine pa zankhondo ndinali mbuli yeniyeni.

Masiku awiri anathera m'kuwerenga. Mzinga wotere umakwera m'mwamba ndi moto wake, kenako n'kutsika ngati mwala wa legeni. Iskander imafika makilomita 500, ndipo lole imodzi imanyamula iwiri. Agogo ake ndi Scud ya Soviet Union, ya makilomita 300, ngati ulendo wa pamsewu wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Ndinalemba zonsezo, koma powerenga mokweza zinkangomveka ngati mayeso a Fomu 4.

Lachitatu ndinapita ku City Deep, dera la kuno ku Joni, kukatenga usipa womwe mayi anapatsira dalaivala wina wachikulire. Ndinamudandaulira za ntchitoyi, n'kumuonetsa chithunzi cha Scud ili pamsana pa MAZ-543, chilole cha matayala 8. Mzingawo sanauyang'ane n'komwe. Maso anali pa matayala.

"Achimwene, msilikali wamkulu apa ndi dalaivala. Akaombera, onsewo moyo wawo uli pa giya."

"Bambo, mwandilembera pulogalamu," ndinatero.

Ndipo mbiri ikumuvomereza. Mu 1991, Iraq inkaponya ma Scud ku Israel ndi ku Saudi Arabia. Ndege za America ndi anzake zinasakasaka malolewo m'chipululu kwa masabata, koma iwo ankabisala pansi pa milatho, kutuluka usiku, kuombera, n'kuthawa. Ena anali abodza, ongoikidwa kuti apusitse oyendetsa ndege. Nkhondo itatha, zinavuta kutsimikiza kuti ndegezo zinaphwanyadi ngakhale lole imodzi. Chikhalirecho pa 25 February, nkhondo ili mkati, Scud imodzi inagwera nyumba yogona asilikali ku Dhahran, mzinda wa ku Saudi Arabia, n'kupha Aamerika 28. Kwa ine apa ndiye panali nkhani, osati pa manambala aja.

Lachinayi ndinalembanso zonse, kuyambira pa matayala. Lachisanu tinajambula. Akonzi anadulako mphindi 3, koma mawu a dalaivala anawasiya, ngakhale anadandaula kuti situdiyo yonse ikununkha usipa.