Sizasi ya amalume ikadali pawindo

Amalume achoka cha m'ma 5 koloko, koma zomwe anena sizikundichoka m'mutu. Ndayesa kuchonga makope a ana, nditafika pa lachitatu ndangowatseka. Ndilembe kaye, mwina mtima ukhala pansi.

Lero ndi tsiku lachinayi mbalamezi zili kuno ku Nchalo, kapena lachisanu ndikawerengera Loweruka lomwe tinafika kutada. Ndi ziwiri, za mtundu wa cockatiel, tizinkhwe ta tsumba pamutu tomwe kwawo ndi ku Australia. Anandisiyira msuweni wanga wa ku Blantyre amene wapita ku Johannesburg, ndipo pondipatsa khola anatembenukira kukhoma kuti ndisaone misozi. Yaimuna dzina lake ndi Chikasu, chifukwa cha nkhope yake, ndipo pamasaya ili ndi madontho awiri ofiirira ngati m'kati mwa papaya lakupsa. Yaikazi ndi Phulusa, yotuwa, ya mizeremizere kunsi kwa mchira. Ndinatsika nazo phiri lija lolowera ku Thabwa pa minibasi, khola lili pamiyendo nditaliphimba ndi chitenje, ndipo pa khona iliyonse ndinkamva tizikhadabo tikutsetsereka pakamtengo. Titawoloka mlatho wa Kamuzu kutentha kwa Okutobala kunatilowa m'galimoto. Nditasuzumira ndinapeza zonse ziwiri zayasamula milomo, mapiko zawatalikitsa ndi thupi.

Amalume ndinachita kuwaimbira ndine, kuwapempha ngala za mchewere, popeza kumudzi cha ku Ngabu amalima. Abwera nazo pa njinga, atamanga bwinobwino m'kathumba. Atamwa madzi anapita pakhola, manja kumbuyo, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Munthuyu wasunga nkhunda kuyambira ine ndisanabadwe, ndiye akamayang'ana mbalame sindilankhula.

"Zatha masiku angati?"

"Anayi, amalume."

"Wachedwa, mwanawe. Mbalame yachilendo umaidula tsiku lomwe yafika."

Apo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa sizasi yokulunga m'pepala. Anali ataganiza kale asananyamuke. Mtima wanga unagunda, ndipo sindinadziwe kuti ndayimirira pakati pa iwo ndi khola mpaka pomwe anandiuza kuti ndikhale pansi, palibe amene akumenyana.

Ndilembe mfundo zawo momwe anazinenera, chifukwa si zopepuka. Akagula nkhunda zatsopano amazichepetsa nthenga za kumapiko kuti zisabwerere komwe zachokera. Pomwe nthengazo zikumera zimakhala zazolowera khola, zina zaikira kale mazira. Nkhuku yokonda kulumpha mpanda amaidula phiko limodzi, nkhani n'kutha. Nthenga ili ngati chikhadabo, anatero, ukadula sizipweteka ndipo imameranso. Ine ndinati nkhunda ili ndi kwawo kobwerera, koma izi zilibe. Iwo anangogwedeza mutu. "Ndiye ukundithandiza kunena. Nkhunda ikatuluka imadziwa denga lake. Kakoka kakatuluka pakhomopa kadzauluka molunjika osatembenuka, kakatera mumtengo wa nimu sikadziwa kotsikira, ndipo kabawi sachedwa. Kuno kabawi amatola mwanapiye mayi ake akuona."

Ndinasowa choyankha, chifukwa n'zoona. Komanso panali zomwe sindinawauze. Lolemba m'mawa, ndikusintha madzi, Phulusa anadutsa pansi pa mkono wanga. Sindinaone n'komwe kuti watuluka bwanji. Anazungulira pabalaza kawiri, liwiro lake losafanana ndi kambalame komwe kamakhala kali phee pakamtengo, anadutsa pakati penipeni pa mapiko a fani ya kudenga, n'kukagwera m'katani. Magetsi anali atazima. Akanakhala kuti alipo, fani ija ikanakhala ikuzungulira, chifukwa mwezi uno masana kumatentha kupitirira madigiri 40 ndipo siimazimitsidwa. Ndinamutola akunjenjemera, kamtima kakugunda m'chikhatho mwanga, ndipo anandiluma chala mpaka kutuluka magazi pang'ono. Ndinawauza amalume zonsezi. Sindikanatha kuwabisira, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikuwapatsa ndodo yondikwapulira.

Sanandikwapule nayo. Anangoika sizasi patebulo, pakati pathu.

Chomwe ndinakana kwamtuwagalu ndi za phiko limodzi. Nkhuku ndi yolemera, imayenda pansi, ikagwa imadzuka. Cockatiel kulemera kwake sikufika n'komwe magalamu 120, moyo wake wonse uli m'mapiko. Ukaidula mbali imodzi ikafuna kuuluka imazungulira ngati nguli n'kudzimenyetsa pansi, ndipo pa simenti ngati ya m'nyumba muno ikhoza kung'ambika khungu la pachifuwa, pomwe pali fupa losongoka lija. Amene amadula mosamala amachepetsa nthenga zazitali zochepa chabe za kunsonga, mwa 10 zomwe zili pa phiko lililonse, mbali zonse mofanana, kuti mbalame izitha kutsika pang'onopang'ono koma isamakwere. Ndipo zoti sizipweteka n'zoona pa nthenga yokhwima yokha. Yomwe ikumera kumene imakhala ndi magazi m'thunthu mwake, imaoneka yakuda kumunsi. Ukadula imeneyo magazi amatuluka osaleka msanga, ndipo kanthu kochepa chonchi kali ndi magazi angati? Chikasu ali nazo ziwiri ku phiko lamanzere. Ndinaziona dzulo akudzinyolola padzuwa la m'mawa. Ndinawaonetsa amalume, anavala magalasi awo, anaweramira, anati eya, izo n'zosakhudza. Pamenepo tinagwirizana, ndipo ndinamva bwino kuti sanatsutse dala.

Koma nkhani yanga yeniyeni si ya magazi. Ndinalephera kuifotokoza bwino pamaso pawo, ndiye ndiyese pano. Mbalamezi zataya zonse zomwe zinkadziwa: mawu a mwini wake, mphepo yozizira ya ku Blantyre, windo lomwe zinkaonera kunja. Chomwe chazitsalira n'chakuti zikaopa zitha kuthawa. Kwawo ku Australia zimakhala m'magulu m'madera ouma a m'katikati mwa dziko, zimayenda mitunda yaitali kutsata madzi ndi njere za udzu, ndipo chitetezo chawo ndi kuuluka basi. Tsono ine, munthu amene sizinamudziwe, ndizigwire ndi nsalu, ndizipanikize, nditambasule phiko, zimve sizasi ikulira, kenako mawa lake ndibwere ndi dzanja lomwelo kuti zidyerepo? Phulusa mpaka lero ndikayandikira amagonetsa tsumba kumbuyo n'kumafwenthera ngati njoka. Ndikamudula sabata ino adzakwera pachala changa, inde, chifukwa adzakhala alibe kolowera. Zimenezo sindikuzifuna. Mbalamezi zimakhala zaka 15, zina kupitirira 20. Sindikufuna kuyamba zaka zonsezo motero.

Ndinawakumbutsanso za mphaka wa aneba, amene amalowa m'nyumba muno ngati kwawo. Mbalame yodulidwa ikagwa pansi mphaka ali pafupi, yatha. Komanso kudula sikutseka khomo. Kathupi kopepuka chonchi, kamphepo kakangowomba, ngakhale yodulidwa imanyamuka n'kupita, makamaka nthenga ziwiri zitatu zikamera iwe osadziwa. Amalume anati zimenezo n'za anthu osasamala. Ndinati fani nayonso n'ya anthu osasamala. Tinakhala chete.

Masiku ano sindikugona bwino, mwina n'chifukwa chake ndinalankhula mokweza kuposa momwe ndimayenera kwa munthu wamkulu. Usiku wa Lamlungu, kapena unali wa Lolemba, magetsi atazima, njinga yamoto inadutsa kuseri n'kuwalitsa pakhoma. Zonse ziwiri zinadzidzimuka, zinayamba kudzimenyetsa m'mawaya mumdima, phokoso lake ngati munthu akupuntha mapira. Msuweni anandichenjeza kuti mtundu umenewu umatero usiku, koma kumva n'kwina, kuona n'kwina. Ndinayatsa tochi, ndinakhala pansi pafupi ndi khola n'kumayankhula nazo motsitsa mpaka zinakwera pakamtengo. M'mawa pansi pa khola panali nthenga zitatu za kumchira. Tsopano ndimasiya kanyale ka sola kakuyaka pakona usiku wonse, ndipo chitenje ndimaphimba mbali zitatu zokha. Koyilo wa udzudzu ndinasiya kuyatsa, popeza utsi uliwonse umazipweteka m'mapapo, ndipo amene amakhala kufupi ndi minda ya nzimbe akudziwa kuti kusiya koyilo kuno si nkhani yaing'ono. Ndikulowa m'neti 7 koloko. Mbaula ndinasamutsira kuseri kwa nyumba. Ana a aneba anabwera ndi kapeyala kuti apatse tizinkhwe, ndinachita kuwalanda m'manja, chifukwa peyala ndi poizoni kwa mbalame zimenezi, ndipo wamng'onoyo analira. Ndikamupepese mawa, ndimuonetse momwe angaperekere masamba a mpiru otsuka bwino.

Masana ndimanyowetsa chitenje n'kuchiyanika mbali imodzi ya khola, ndi kuika mbale yosazama ya madzi pansi. Chikasu anasambamo dzulo. Phulusa ayi.

Ndabwerera kwa amalume. Titakhala chete paja, iwo anatenga ngala imodzi ya mchewere, anakokera mpando pafupi ndi khola, osati pafupi kwambiri, n'kukhala chammbali, osaziyang'ana m'maso. Analowetsa nsonga ya ngala pakati pa mawaya n'kungoigwira, dzanja osagwedera. Kenako anayamba kuimba likhweru, motsitsa, la manotsi atatu, lomwe amaitanira nkhunda zawo madzulo. Mphindi zinapita zambiri ndithu. Chikasu anaimika tsumba, anapendeketsa mutu, anasuntha pakamtengo phazi limodzi, anabwerera, anasunthanso. Anatambasula khosi mpaka kutsala pang'ono kugwa, n'kuthyola kanjere kamodzi, n'kuthawira kumapeto. Anakasenda ndi mlomo, kankhusu kanagwa. Anabweranso. Ulendo wachitatu sanathawe, anaima pomwepo n'kumadya, ndipo amalume atasiya likhweru iye anayankha kamodzi, mawu akuthwa okwera kumapeto. Masiku anayi ine ndakhala ndikuyesa zomwezi osatheka. Misozi inalengeza, ndinapita kukhitchini ngati ndikukatenga madzi.

Nditabwerako anati, osandiyang'ana, "Ukuganiza kuti ndimadula nkhunda zanga chifukwa chodana nazo? Ndimadula kuti ndisazitaye." Ndinati ndikudziwa, amalume. Ndipo ndikudziwadi. Ndi pamenepa pomwe pakundivuta, chifukwa akanakhala munthu wankhanza ndikanangowatsutsa n'kugona tulo.

Ndinawauza zomwe ndaganiza. Kwa milungu iwiri kapena itatu sizituluka m'khola, zizolowere kaye mawu anga ndi dzanja langa. Kenako ndizidzazitulutsira m'chipinda chaching'ono chija chopanda fani, chitseko chokhoma, makatani otseka kuti zisagunde galasi. Windo la mmenemo lili ndi sefa kale, koma yang'ambika pakona, ndiyenera kuitana kalipentala. Iwo anafunsa kuti nanga tsiku lomwe mlendo adzatsegule chitseko osagogoda? Nanga ine ndikadzadwala, wina n'kumazisamalira? Ndinati ndidzakhoma ndi kiyi. Anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Sananene mokalipa. Anakwera njinga kuti mdima usawapeze m'njira, ndipo nditawathamangira ndi sizasi anati ikhale, mwina ndidzaifuna, koma ndikadzafuna ndiwaitane, ndisadzadule ndekha.

Ndaiika pawindo. Ndikaiyang'ana ndikuona fani ija ya Lolemba, ndipo manja akuzizira. Ndikayang'ana Phulusa, amene wakhala pakona yakutali kwambiri ndi ine kuyambira masana, ndikulephera kuganiza zomugwira ndi nsalu. Msuweni ndamutumizira uthenga pa WhatsApp kumufunsa ngati anazidulapo, sanauwerenge.

Pano ndi cha m'ma 9. Magetsi abwera, koma fani ya pabalaza sindinayatse ngakhale khola ndi lotseka, thukuta likungoyenderera. Chikasu wabisa phazi limodzi m'nthenga ndipo akukukuta mlomo, kaphokoso kakang'ono ngati munthu akusisita timiyala tiwiri, komwe amati zimachita zikamagona mtima uli m'malo. Aka n'koyamba kukamva. Phulusa akadali maso, tsumba lili chilili. Ngala ya mchewere ija ndaisiya yomangirira kumbali kwake, ndiona m'mawa ngati wakhudzako.