Chithunzi chikakana kuoneka mu OpenCV

OpenCV ndi laibulale yogwirira ntchito pa zithunzi, yomwe mu Python timaiitana kuti cv2. Lamulo lake loonetsera chithunzi, cv2.imshow, likakana kuonetsa chithunzi, ine sindiyambira pa imshow. Ndimalemba print(img is None) pansi pa cv2.imread, lamulo lowerengera chithunzi m'fayilo n'kuchiika mu img. Paja imread ikasowa fayilo sidandaula, imangobweza None mwakachetechete, ndiye uthenga wa size.width>0 && size.height>0 umatulukira kutsogolo, kutali ndi pomwe zinalakwikira. Pa Windows wolakwa kawirikawiri ndi chizindikiro cha \. Mu "C:\new\taxi.jpg", Python amawerenga \n ngati mzere watsopano, \t ngati tabu. Ndimaika r patsogolo pa adiresi ya fayiloyo (r"C:\new\taxi.jpg"), kapena kulemba / m'malo mwake.

Windo ikangothwanima n'kuzimiririka, kapena ikauma ili yotuwa, ndiye kuti cv2.waitKey palibe. Ndiyo imapatsa windo mpata wojambula chithunzicho. Mu waitKey, pa chithunzi chimodzi ndimaika 0, pa vidiyo 1, chifukwa 0 imadikira mpaka munthu adine batani.

Chodya nthawi kwenikweni ndi uthenga woti "The function is not implemented". Apa ndimalemba pip list n'kufufuza opencv-python-headless. Imeneyi ilibiretu mawindo, ndipo imakonda kulowa mozemba pamene mukuika laibulale ina. Iyo ndi opencv-python, yomwe ili ndi mawindo, zimagona m'foda imodzi ya cv2, yobwera pambuyo imapondereza inzake. Mukachotsa imodzi yokha mutha kutsala ndi cv2 yothyoka. Ndimachotsa zonse ziwiri, kenako pip install opencv-python. Pa seva ya ssh kapena mu Docker sindilimbana nazo n'komwe: ndimasunga ndi cv2.imwrite n'kutsitsa fayiloyo. Mu Colab, malo a Google olembera Python pa intaneti, ndimatenga cv2_imshow ku google.colab.patches.

Poyesa mitundu ndili ndi chithunzi cha minibasi ya Toyota Quantum yoyera ya pa renki ya Bree kuno ku Johannesburg, poti mzere wake wachikasu sunama. Ukaoneka wabuluu ngati thambo mu matplotlib, laibulale ina yoonetsera zithunzi, ndimadziwa kuti ndaiwala cv2.cvtColor(img, cv2.COLOR_BGR2RGB). OpenCV imasunga buluu poyamba, kufiira pomaliza, pomwe matplotlib imayembekeza kufiira poyamba.

Nanga minibasi yonse ikayera mbee, matayala omwe? Ndimayang'ana img.dtype, mtundu wa manambala a chithunzicho. Ikakhala float32 kapena float64, imshow imaona ngati manambala ali pakati pa 0 ndi 1, n'kuwachulukitsa ndi 255. Ndimagawa chithunzicho ndi 255, apo ayi np.clip(img, 0, 255).astype(np.uint8). Clip musamuiwale, poti popanda iye nambala yopyola 255 sikwana mu uint8, ndipo denga loyera la minibasi lija limatuluka ndi mawanga akuda.