Chilombo changa chatheka, koma AC ya m'buku laulere inandidyera Loweruka

Chilombo chimene ndinkakonzera gulu lathu chatheka, ndipo chaseweredwa kale patebulo. Mtima wakhala pansi tsopano. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene mumayendetsa masewera a patebulo a B/X (Dungeons & Dragons ya Basic ndi Expert ya 1981) kapena Old-School Essentials (B/X yomweyo yolembedwanso) ndipo mukufuna chilombo chanuchanu chimene osewera sanachiwerengepo m'buku lililonse. Za madayisi ndingokumbutsa: d20 ndi dayisi ya mbali 20, ndipo 2d4 ndi madayisi awiri a mbali zinayi.

Musayambire papepala loyera. Tsegulani buku la masewera amene mukusewerawo, pezani chilombo choyandikira chimene chili m'mutu mwanu, musinthe chinthu chimodzi. Ine ndinatenga ghoul, chilombo chodya mitembo: AC (nambala ya chitetezo chake) 6, HD (madayisi owerengera moyo wake) 2*, nyenyeziyo ikuimira mphamvu yapadera, zikhadabo ziwiri ndi mano, chilichonse chimavulaza 1d3, morale (kulimba mtima) 9. Chimene osewera amaopa pa ghoul si zikhadabozo ayi, koma kuuma thupi kwa ma turn 2d4 ikakukhudza (turn imodzi ndi mphindi 10 za m'masewera). Ndinachotsa kuumitsako, m'malo mwake ndinaikamo kudya moto, ndipo ndinachitcha Chizimitsa.

Koma ndisanafike pa ghoul ndinali nditataya kale Loweruka lathunthu, ndipo ndikaganiza mpaka pano mtima umandiwawa. Wina pagulu lathu la WhatsApp anatumiza PDF yaulere ya zilombo zopeka, yodzaza zithunzi, yolemera moti inandimalizira bandulo. Munali chamoyo china cha m'mapanga chimene ndinafuna kubwerekako manambala. Pamzere wake analemba AC 14, basi. Panalibe mawu oyamba, ndipo wosonkhanitsayo sanatchule paliponse kuti zilombozo ndi za masewera ati. AC 14 ya ndani, abale? Mu Old-School Essentials, ukamawerenga mokwera (nambala ikakula, chitetezo chimakulanso), wosavala chankhondo ali pa 10 ndipo 14 ndi chainmail, malaya a timaunyolo tachitsulo. Mu Basic Fantasy amayambira pa 11, chainmail ndi 15, ndiye 14 ndi chikopa ndi chishango. Mu Lamentations of the Flame Princess amayambira pa 12, ndiye 14 ndi chikopa chokha. Nditatembenuza masamba ndinapezanso AC 5 ndi AC 3, kusonyeza kuti ena mwa olembawo ankawerenga motsika (nambala ikachepa, chitetezo chimakula). Ngakhale pamenepo sipathera nkhani, chifukwa mu B/X ya 1981 wosavala ali pa 9 pamene mu AD&D (Advanced Dungeons & Dragons) ali pa 10.

Wina anganene kuti kusiyana kwa manambala awiri n'kochepa. Pa d20 nambala iliyonse ndi 5 peresenti. Fighter wa level 1 ali ndi THAC0 19 (nambala yofunika pa d20 kuti amenye AC 0), ndiye kuti amenye AC 7 akufunika 12, umene ndi mwayi wa 45 peresenti, koma pa AC 5 akufunika 14, mwayi wa 35 peresenti. Munthu amene ali ndi hp (mapointi a moyo) 5 akawonjezeredwa ma round awiri a ndewu chifukwa cha zimenezi, wapita. Ndinakhala tsiku lonse ndikufananiza zilombo za m'PDF ija ndi za m'buku langa kuti mwina ndigwire poyambira, koma tsamba lililonse linali ndi kawerengedwe kake. Chakumadzulo ndinalembera wosonkhanitsayo. Anandiyankha kuti masewera akalewa onse amagwirizana, ndingogwiritsa ntchito. Ndinapsa mtima. Amagwirizana inde, koma pokhapokha utandiuza kuti ukuyambira pati.

Ndiye inu mukamalemba chanu, lembani zonse ziwiri monga amachitira mu Old-School Essentials: 6 [13]. Kuti mupeze yokwera, chotsani yotsikayo pa 19. Mukafuna kuthandiza munthu wa masewera ena, onjezerani mawu ochepa, "cholimba ngati chainmail," iye adzadziwerengera yekha.

Nambala yofunika kuiganizira mofatsa ndi HD, chifukwa imakoka zina zonse: hp, THAC0, ma saving throw (kuponya dayisi kuti upulumuke ku matsenga kapena ngozi) ndi XP (mapointi okwerera level). Chizimitsa ndinachikweza kufika pa HD 3, kutanthauza hp 13 kapena 14 nthawi zambiri ndi THAC0 17, ndipo chimasave ngati fighter wa level 3. Musanakhazikike pa HD kumbukirani Sleep. Spell imeneyi imagoneka zamoyo mpaka za HD 4+1, ndipo magic-user wa level 1 angathe kuthetsa nayo ndewu yonse pa round imodzi. Ine ndinasiya kuti chizigona. Magic-user ameneyo ali ndi spell imodzi patsiku ndi hp ya d4. Akaitaya pa chilombo changa, walipira mokwanira. Sindinachiikenso m'gulu la undead (akufa oyenda), kuti cleric asachithamangitse ndi chizindikiro chake chopatulika.

Mphamvu yake ndi iyi: pa round iliyonse, m'malo moluma, chingathe kuzimitsa moto umodzi uli mkati mwa mafiti 30, pokhapokha wonyamulayo atapambana save ya spells. Zikuoneka zazing'ono, koma m'masewera akalewa kuwala kumawerengedwa. Muuni umayaka ma turn 6, nyali imatha botolo la mafuta pa ma turn 24, ndipo kuyatsanso ndi tinder box kuli ndi mwayi wa 2 pa 6 pa round. Chilombo chodya katundu wa osewera si chachilendo. Rust monster, imene Gary Gygax anaipeka poona kachidole ka pulasitiki, imadya zitsulo ndipo fighter wovala plate amaithawa kuposa ogre. Chimene chinandisangalatsa patebulo n'chakuti miuni itazima, dwarf ndi elf okha ndiwo ankaona, chifukwa ali ndi infravision, maso oona kutentha mumdima, ya mafiti 60. Mwana wa achimwene, amene amasewera dwarf ndipo nthawi zambiri salankhula, ndiye anatsogolera gulu lonse, akulu atagwirana malaya kumbuyo kwake.

Ndinaganizapo zoti thupi lake likhale lozizira kuti infravision isachione. Ndinasiya. Mphamvu imodzi n'njokwanira, ndipo yachiwiriyo ikanalanda osewera njira yokhayo yotulukira. Sinthani chinthu chimodzi, ndanena kale. Mukaunjika mphamvu zitatu, inu nomwe mudzaiwala ziwiri ndewu ikatentha.

XP n'njosavuta. HD 3 ndi 35, nyenyezi iliyonse ya mphamvu yapadera imaonjezera 15, ndiye HD 3* ndi 50. Musade nkhawa kuti n'zochepa. M'masewera amenewa XP yambiri imachokera ku chuma, gp (ndalama yagolide) imodzi ndi XP imodzi, choncho funso lenileni n'lakuti m'phanga mwake muli chiyani. Ndinasiya treasure type B (gulu la chuma) ya ghoul momwe ilili, poganiza kuti ndi katundu wa anthu amene anasochera mumdima n'kufera momwemo.

Ndaiwala kunena, PDF ija inalibenso morale. Chilombo ndi chilombo, mzere wa morale panalibe, ngati kuti zonse zimamenyana mpaka kufa. Chimenechi chinandikwiyitsa pafupifupi ngati AC ija, chifukwa morale ndi imene imapulumutsa gulu la level 1. Mumaponya 2d6 pamene woyamba wa mbali yawo wafa, kenako pamene theka lagwa. Ikaposa nambala ya morale, zimathawa kapena kugonja. Pa 12 sizithawa konse. Chizimitsa ndinachipatsa 7, mofanana ndi goblin, ndiye mwayi wothawa ndi 15 pa 36 nthawi iliyonse. Zimabwera 1d4 pakamodzi. Chinthu chobisala mumdima sichiyenera kulimba mtima ngati ogre wa morale 10.

Palinso zimene sizilowa m'manambala koma muyenera kuzilemba pakhadi lomwelo. Chimafuna chiyani? Changa chimafuna moto, anthu chilibe nawo ntchito kwenikweni. Choncho reaction roll ya 2d6, yosonyeza mmene chawalandirira osewera, ikatuluka pakatikati, chimangotsatira gulu chapatali, maso pa miuni. Osewera atazindikira zimenezi anayatsa botolo la mafuta, analiponya m'kanjira kena, n'kudutsa chili kalikiliki kudya. Sanaphe chilichonse tsiku limenelo, koma chuma anatuluka nacho. Ikaninso zizindikiro chisanaoneke. Ine ndinamwaza pansi miuni yongopsa kunsonga, ndinaika phulusa lozizira pamene panali moto wa anthu ena, ndiponso ndinanena kuti lawi la nyali likupendekera mbali imodzi pamene kulibe mphepo. Wosewera akafa ataona zizindikiro, amavomereza. Akafa mwadzidzidzi ndi chinthu chimene sakanachidziwa, sabweranso sabata yamawa.

Mzere wonse ndi uwu, wa Old-School Essentials, ndipo ndatchula dala dzina la masewerawo: AC 6 [13], HD 3*, kuluma 1d6 kapena kuzimitsa, THAC0 17 [+2], kuyenda 120' (40'), morale 7, neutral, XP 50, chiwerengero 1d4, chuma B. Zonse zikukwana pakhadi laling'ono. Mukaona kuti chanu chikufuna tsamba lathunthu, bwererani kubuku, mutenge choyandikira, musinthe chimodzi.

Funso limodzi linabwera patebulo mkati mwa ndewu: kodi Chizimitsa chimadya kuwala kwa spell ya Light? Ndinagamula kuti ayi, chimadya moto wokha, koma chikaona kuwala kumene sichingadye chimalusa ndipo chimalunjika kwa amene wanyamula kuwalako. Mukabwereka chilombochi, lembani chigamulo chimenechi pakhadi masewera asanayambe, chifukwa magic-user kapena elf wanu adzafunsa ndithu.