Sabata ya lipoti la receiver wa liwiro

Ndimagwira ntchito mu dipatimenti ya ma analyst ku timu ina ya mpira waku America, mu ligi ya NFL, ndipo tsiku langa lonse limathera pa kompyuta kuonera filimu ya magemu nkumalemba zomwe wosewera aliyense wachita. Sabata yathayi kunali kotentha chifukwa nthawi yosinthana osewera pakati pa matimu imatsekedwa kumayambiriro kwa Novembala, nde Lolemba m'mawa abwana anangofika pa desiki nkunena kuti pofika Lachisanu akufuna lipoti. Funso linali limodzi basi, tikatenga receiver wa liwiro, uja ntchito yake ndi kuliyatsa mpaka kutali kuti quarterback (woponya mpira) amuponyere mpira wautali, kodi offense yathu (gulu lofuna kugoletsa) isintha kapena tingotaya pachabe ma pick a draft, mwayi wosankha osewera atsopano olowa mu ligi?

Kwa amene simuutsata mpirawu, receiver ndi amene amathamanga kukawakha mpira woponyedwa, ndipo wautali kuno timati ndi umene wauluka mayadi 20 kapena kuposa. Kumbuyo kwenikweni kwa difensi kumaima anthu otchedwa ma safety, ndi amene amateteza kuti munthu asawapitirire.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinayamba ndi zakale, chifukwa ndinkadziwa kuti mu mitingi aliyense abwera ndi dzina lake m'thumba. Ofuna kugula amayambira pa Randy Moss. Mu 1998 ali watsopano ku Minnesota anagoletsa ma touchdown 17 (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, mbali ya timu inayo), timu nkupeza mapointi 556 omwe nthawi imeneyo anali rekodi, kenako mu 2007 atapita ku New England anagoletsa 23, quarterback wake Tom Brady anaponya 50, timu inawina magemu onse 16 a sizoni. Amatchulanso Tyreek Hill amene atafika ku Miami mu 2022 anapanga mayadi 1,710, chaka chotsatira 1,799. Zoona zimenezo palibe angatsutse. Koma okana nawonso ali ndi zawo, ndipo nzamphamvu ndithu. Kansas City inamugulitsa Hill yemweyo mu Malichi 2022 nkulandira ma pick asanu, anthu nkumati basi atha, koma sizoni yomweyo quarterback wawo Patrick Mahomes anaponya mayadi 5,250, anatenga MVP (mphoto ya wosewera bwino kuposa onse), timu inatsogola ligi yonse pa mapointi nkuwina Super Bowl (fainolo ya ligi), chaka chotsatira nkuwinanso. Ndiye pali John Ross, anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.22 ku combine ya 2017 (komwe amayesa osewera draft isanachitike), Cincinnati inamutenga pa nambala 9 pa draft, chaka choyamba sanawakhe mpira ndi umodzi omwe, ndipo amene anatengedwa pa nambala 10 pambuyo pake ndi Mahomes.

Ndi mayina okhaokha mutha kukangana mpaka kuche, nchifukwa chake Lachitatu ndinasiya zowerenga mayadi a receiver nkuyamba kuyang'ana difensi. Timagwiritsa ntchito filimu ya All-22, kamera yake imakhala pamwamba moti osewera onse 22 amaoneka nthawi imodzi, osati ya pa TV imene imangotsata mpira. Ndinatenga magemu a mnyamata amene tikumufunayo nkumalemba play iliyonse, ma safety ali angati kumbuyo, aima patali bwanji, kutsogolo kwatsala anthu angati otchinga running back (wothamanga ndi mpira m'manja), komanso quarterback wagwira mpira nthawi yaitali bwanji asanaponye. Ntchito yotopetsa maso, kubweza filimu kumbuyo, kuimitsa, kulemba, kubwezanso. Koma apa mpamene nkhani ili. Mnyamatayo akaima kumanzere umaona safety wa mbali imeneyo akuyamba kubwerera chafutambuyo mpira usanayambe nkomwe, phazi limodzi, lachiwiri, maso ali pa iye. Play imeneyo mpira sunapite kwa iye, pa pepala la ma stats palibe chomwe chalembedwa pa dzina lake, koma pakati pa bwalo patseguka ndipo tight end (mnzake wina wowakha mpira) wawakha mpira popanda womukhudza. Ena amafika poti ma safety onse awiri akhale kumbuyo, ndiye kuti kutsogolo kwachepa munthu mmodzi, running back akupuma bwino.

Gemu imene ndinaikhalira nthawi yaitali si yathu nkomwe, ndi ya Kansas City ndi Tampa Bay, chifukwa matimu omwewo anakumana kawiri sizoni imodzi ndipo zinatuluka zosiyana kotheratu. Mu Novembala 2020 Tampa inamusiyira Hill cornerback (wa difensi amene amalonda receiver) mmodzi kawirikawiri, mnyamata anawapweteka, mayadi 203 mu kota yoyamba yokha, pomaliza gemu 269 ndi ma touchdown atatu. Atakumananso mu Super Bowl mu Febuluwale 2021, Todd Bowles amene ankatsogolera difensi ya Tampa anasunga ma safety awiri kumbuyo pafupifupi gemu yonse, ndipo Kansas City inalibe ma tackle ake awiri odalirika (otchingira quarterback kumanzere ndi kumanja) chifukwa anavulala. Mahomes ankangothawathawa mpira uli m'manja, Hill anathera pa mayadi 73, timu yake sinagoletse touchdown ndi imodzi yomwe, Tampa nkuwina 31-9. Liwiro la Hill linali lomwe lija, chimene chinasowa ndi nthawi yoti quarterback aime nkudikira kuti munthu afike kutaliko. Mpira wautali umafuna nthawi, ndipo nthawiyo amapereka ndi anthu asanu a offensive line otchingira quarterback, kuphatikizapo ma tackle aja. Taonani zomwe Kansas City inachita itangoluza, inapita kukatenga Joe Thuney ndi Orlando Brown, pa draft nkutenga Creed Humphrey ndi Trey Smith, onsewo ndi a line.

Lachinayi madzulo practice itatha ndinapita ndi laputopu kwa kochi wa ma receiver, bambo wachikulire amene wakhala mu mpira zaka zambiri, kuti andionere ngati zomwe ndikuonazo akuzionanso. Anatenga rimoti nkundiuza kuti ndisiye kaye safety, ndiyang'ane chiuno cha cornerback. Anabweza play imodzi mobwerezabwereza. Cornerback akamuopa munthu amatembenuza chiuno msanga kuti athamange naye, nde receiver akangoima mwadzidzidzi nkubwerera, mpira wa mayadi 12 kapena 15 umakhala waulere. Kenako anandionetsa mnyamata wina wa timu ina, liwiro lofanana, koma cornerback wake sakutembenuka olo pang'ono, wangomuima pamaso nkumugwira pachifuwa poyambira pomwe, chifukwa akudziwa kuti uyu satha kudzimasula ndipo mpira ukabwera pamwamba pa phewa samautsata bwino. Iwowo anati receiver wotere ali ngati galu wa pakhomo, anthu amalambalala patali ngakhale sanalume munthu lero, koma akangodziwa kuti amangouwa basi amadutsa pakhonde pomwe. Zinandikhudza chifukwa anyamatawa amagwira ntchito yowawa, kuthamanga mayadi 40 ndi mphamvu zonse play ndi play ukudziwa kuti mwina mpira subwera, kenako anthu pa intaneti nkumati sakuchita kanthu.

Lipoti ndinalilemba usiku womwewo. Ndinanena mosabisa kuti inde, receiver wa liwiro amaikweza offense, ndipo phindu lake lalikulu limaonekera pa anzake osati pa manambala ake, ngakhale Kansas City yomwe inawina popanda Hill inabwereranso kukatenga Xavier Worthy mu round yoyamba ya 2024 atathamanga 4.21. Mnyamata amene tikumufunayo ndi weniweni, ma difensi amamuopa, filimu ikuonetsa. Koma ndinaikanso tsamba lina la ma play athu, pomwe quarterback wathu akugwetsedwa kapena kuponya mothamangitsidwa receiver asanafike nkomwe pa mayadi 20, ndipo ambiri mwa ma play amenewo vuto likuchokera mbali imodzi ya line. Maganizo anga anali oti ngati pick yoti tiwononge ndi imodzi yokha, ipite kwa tackle kaye, chifukwa mmene zililimu matimu angoika ma safety awiri kumbuyo nkutumiza anthu anayi kutsogolo ndipo atikwanitsa.

Mitingi ya Lachisanu inatalika. Kochi wa offense sanagwirizane nane kwenikweni, iwo akuti munthu wa liwiro angachepetse ma blitz (pomwe difensi imatumiza anthu owonjezera kukagwetsa quarterback) chifukwa difensi imaopa kusiya cornerback yekha, ndiye line ingapepukidwe, ndipo mfundo imeneyo ndi yomveka moti ndinapempha kuti ndiiyeze payokha pa filimu. Chiganizo chomaliza ndi cha akuluakulu, ife timangopereka zomwe taona. Loweruka timu ikukwera ndege ine ndinatsala mu ofesi, abwana anandisiyira mayina a ma tackle a matimu amene sizoni yawavuta, kuti pofika Lolemba filimu yawo ikhale yodulidwa kale limodzi ndi ya ma blitz ija.